Thumba la Amayi Ako

4 Malichi

Mwana wanga Kamphepo,

Landira moni wa kuno. Ndikhulupirira uli bwino kutsidya la nyanjako, iwe ndi bambo a kwanu ndi adzukulu anga. Ine ndilipo, mawondo okha ndiwo akulira ngati chitseko chosowa mafuta.

Unati pa foni ndimayankhula ngati wailesi yopanda pozimitsira. Inenso mawu ako m'kachitsuloko sindiwamva, ndimangomva ngati udzudzu walowa m'khutu. Ndiye tibwerere ku makalata. Akulembawa ndi aTelala a khomo loyandikana nafe, omwe unkawabera mabatani uli mwana. Ine ndikuyankhula, iwo akulemba. Ndawachenjeza kuti asadule mawu anga, pakuti dzanja la telala silichedwa kuthamangira sizasi.

Mpando wometera udakali pomwe unausiya, pafupi ndi zenera. Makasitomala atsala ochepa, adazi anzanga, amene amabwera kudzametetsa tsitsi loti kulibe. Ine ndimangoliza sizasi m'mwamba, tchete tchete, iwo n'kumva kuti ametedwa, tonse n'kukhutira. Achinyamata amapita kwa anzawo a makina aja, olemba mizere m'mutu mwa munthu ngati akulima. Galasi lathu likadali ndi kabanga pakona, pamene amayi ako ankapitsapo chala poona ngati ndapukuta fumbi.

Kunena za amayi ako, mwezi uno chaka chikukwana chitisiyireni. M'mawa ndimadzuka n'kudikira kuti wina andikalipire chifukwa chosiya sopo m'madzi. Nyumba yangoti zii. Thumba lawo lamaluwa lija lidakali pa msomali kuseri kwa chitseko. Sindinalikhudze. Ndikamatseka chitseko limagwedezeka pang'ono, ine n'kuti, "Ndamva, Mayi, ndatseka bwino."

Unafunsa za mankhwala. Usade nkhawa, ndimameza monga momwe anandiphunzitsira amayi ako. Mlongo wakonso sandiiwala, mwezi uliwonse kaphukusi kake kochokera m'tauni kamafika.

Undilembere za ana. Wamng'ono uja wayamba sukulu? Ndani akumumeta kumeneko? Pachithunzi mutu wake ukuoneka ngati chisa cha mbalame.

Ndine bambo wako.

Mawu a wolemba: Kamphepo, ndine aTelala. Bambo akowa sanakuuze kuti Lachiwiri anachita chizungulire lumo lili pakhosi pa munthu, mpaka anakagwira khoma. Si koyamba. Andiletsa kulemba zimenezi, koma poti kuwerenga satha, ndalemba.

22 Malichi

Okondedwa Bambo,

Kalata yanu ndalandira. Ana ali bwino, akuti moni kwa agogo. Wamng'onoyo sukulu wayamba, ndipo amene ndimamumeta ndine, choncho za chisa cha mbalame muchepetse.

Ndinaseka kwambiri za adazi anzanu, mpaka ndinafika m'munsi mwa tsamba. Pamenepo kuseka kunatha. Bambo, ndikufunsani mosapita m'mbali: kodi mwayambiranso kumwa? Sindikukuweruzani, ndikudziwa kuti nyumba yakula chichokereni Amayi. Ngati si mowa, kodi mwayamba kuiwala zinthu? Mumadziwa bwinobwino kuti mwameza kale kapena ayi?

Kuno kumene ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, aliyense ali ndi pepala lake la mankhwala. Pamalembedwa dzina la mankhwala, mphamvu yake, nthawi yomwera, ndi matenda ake. Ngakhale ogula yekha kusitolo amalembedwa pomwepo. Akamapita kwa dokotala, pepalalo limatsogola. Chonde pemphani aTelala akulembereni lotero, limodzi likhale m'thumba la malaya anu, lina munditumizire.

Achimwene ndayankhula nawo. Akuti zikapitirira adzakutengani mukakhale kwawo m'tauni. Ine sindinavomere, komanso sindinakane.

Ndine mwana wanu,
Kamphepo

9 Epulo

Kamphepo iwe,

Moni, ngakhale kuti moni wake ndi wa munthu wopsa mtima. Kalata yako wandiwerengera ndi wamlandu yemwe uja. Atafika pa mawu oti "m'munsi mwa tsamba" anayamba kutsokomola ngati ameza singano. Ndinati, "Werengani, aTelala, zimene munasoka muvale nokha." Lero ndakhala pafupi, ndikuyang'anitsitsa dzanja lawo. Ndikasiya kuyankhula ilo likamayendabe, ndiligwira.

Mowa? Ine? Mowa ndinausiya sabata imene unabadwa iwe. Ndinakunyamula, iwe n'kuyetsemula, amayi ako n'kuti, "Mwamuona? Mwana wa dzulodzulo wayamba kale kukudandaulani." Kuyambira pamenepo botolo ndimangolipatsa moni patali.

Kuiwala ndiye usatchule n'komwe. Mutu uwu umadziwa mbali imene munthu aliyense wa mumsewu muno amapesera tsitsi lake, ndi mbali imene ankapesera atate ake. Ulephere kusunga timapiritsi? Pepala ndilitani ine munthu woti zilembo ndimaziona ngati nyerere zofa? Chizungulire n'cha ukalamba basi.

Wandikumbutsa amayi ako ndi nkhani yakoyi. Iwonso chilembo sankachidziwa ngakhale chimodzi, koma tsiku la kuchipatala linali tsiku! Ankasesa nyumba yonse. Mabotolo odzaza, mabotolo opanda kanthu, timakatoni, mafuta opaka m'mawondo, mankhwala a chifuwa a chaka chatha, zonse m'thumba lamaluwa. Tikalowa mwa adokotala, ine ndisanakhale n'komwe, khuthu! patebulo. "Onani zonse zimene amameza munthu wangayu." Tsiku lina kabotolo kanagubuduka mpaka kunsi kwa bedi, dokotala wamkulu wa tayi n'kugwada kukatola. Ine manyazi, maso kudenga. Panjira ndinkawafunsa kuti, "Mayi, tikupita kuchipatala kapena tikusamuka?" Iwo ankangoti, "Inu yendani, pakamwapo papume."

Masiku ano ndimapita ngati bwana, manja m'matumba a buluku. Akandifunsa kuti mukumwa mankhwala anji, ndimati, "Omwe aja." Iwo kulemba, ine kutuluka, palibe wogwada.

Mlongo wako umuuze asunge chipinda chake. Ine ndili ndi nyumba.

Bambo wako.

Mawu a wolemba: Akuyang'ana dzanja langa. Moni.

21 Epulo

Bambo,

Moni. Ndine mwana wanu wa kuno kutauni. Ndilemba mwachidule chifukwa ndili kuntchito, ndipo pa foni simundimva.

Mwini sitolo ya buledi wandiimbira kuti munagwa pakhomo pake, munatemeka pachipumi, anthu anachita kukunyamulani. Inu simunandiuze. Lero ndi chipumi, mawa chidzakhala chiuno, kapena khosi la kasitomala. Sindingadikire zimenezo.

Kumapeto kwa Meyi ndibwera ndi galimoto ya katundu. Chipinda takonza kale, mpongozi wanu wapachika makatani. Kwathu n'kosanja, masitepe ndi opanikiza, ndiye mpando wometera sungakwere. Tidzaupezera munthu. Nyumbayo tidzaikamo wina.

Kaphukusi ka mwezi uno ndapatsira woyendetsa basi monga mwa masiku onse. Muzimwa, musadumphe.

Musandikwiyire. Ndikuchita izi chifukwa ndinu bambo anga.

Mwana wanu wamkulu.

27 Epulo

Mwana wanga Kamphepo,

Moni. Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine ulendo uno sindibisa, kuopa kuti aTelala angandibisulire okha. Ndinagwa. Ndinawerama kumanga chingwe cha nsapato pakhomo pa sitolo ya buledi, poweramuka msewu unatembenuka, nyumba zonse zinapita m'mwamba. Ndinatsegula maso n'kuona nkhope zondizungulira, mitu yoti ndinaimeta ndekha ikundiyang'ana mwachisoni. Chilonda cha pachipumi sichinapweteke ngati maso amenewo.

Mlongo wako akubwera ndi galimoto kumapeto kwa Meyi. Akuti mpando sungakwere masitepe. Kamphepo, mpando umenewu ndinabwera nawo pangolo amayi ako ali ndi pakati pa mlongo wako yemweyu, iwo akuyenda pambali atagwira galasi pachifuwa ngati mwana. Thabwa lija ndinkaika pamikono ya mpando kuti ana afike pagalasi lidakali kuseri kwa kabati. Woyamba kulikhalira anali iyeyo, ndipo analira ngati ndikumudula khutu. Lero akuti tidzaupezera munthu. Kwawoko ndinapitako kamodzi. Pazenera umangoona madenga a anthu. Ndizikacheza ndi ndani, nkhunda?

Unapempha mndandanda wa mankhwala, ine n'kukana. Lero ndikupatsa, osati chifukwa ndagonja, koma kuti uone wekha kuti mutu uwu ukugwira, ukamuuze mlongo wako. Lembani, aTelala, ndipo mulembe mayina omwe anawapatsa amayi a mwanayu.

M'mawa ndikadzuka amabwera aMwezi, oyera obulungira aja, a kuthamanga kwa magazi. Pambali pawo aDzuwa, achikasu. Ndikamadya kadzutsa amabwera aBwato, ataliatali aja a shuga, ndipo amabweranso pa chakudya cha madzulo. Pokagona ndi aKanjere a mafuta a m'magazi, aang'ono aja ankagwera pansi iwe n'kumakwawa kuwafuna. Mawondo akavuta ndimameza aja unatumiza chaka chatha, a m'botolo lalikulu, ndipo masiku ano mawondo amavuta tsiku lililonse.

Waona? Palibe ndi mmodzi yemwe amene ndamuiwala. Kodi munthu wosokonezeka angatchule alendo ake mwa ndondomeko chonchi?

Undiyankhulire kwa mlongo wako. Iwe amakumvera, unkamumenya muli ana.

Bambo wako.

11 Meyi

Bambo,

Kalata yanu yachedwa panjira, yafika lero lino. Yangayi ndajambula n'kutumiza pa foni ya aTelala kuti akuwerengereni lero lomwe.

Bambo, aDzuwa ndi ndani? AMwezi ndikuwadziwa, aBwato ndikuwadziwa, aKanjere mawondo anga akuwadziwa. Koma Amayi analibe aDzuwa. Dzina limeneli mwapereka ndinu. Anabwera liti? Anawalemba ndi dokotala uti? Ndi a matenda anji? Pa ena onse mwatchula ntchito yawo, pa awa okha simunatchule.

Ine sindinganene ndili kuno kuti musiye chakuti kapena chakuti. Koma mawa m'mawa, musanameze kanthu kachikasu, pitani kuchipatala. Ndipo musapite manja ali m'matumba. Tsitsani thumba la Amayi pa msomalipo. Muikemo zonse: za kuchipatala, za m'kaphukusi ka achimwene, botolo langa lija, ngakhale timakatoni topanda kanthu. Mukakhuthule patebulo monga ankachitira iwo.

Ndikudziwa kuti kulikhudza thumbalo n'kovuta. Koma Bambo, munkaseka kuti Amayi akusamuka. Lija ndiye linali pepala lawo.

ATelala, chonde muwaperekeze. Akakana muwakoke ndi tepi.

Kamphepo

14 Meyi

Kamphepo mwana wanga,

Moni, ndipo khala pansi, pakuti nkhani ndi yaitali ndipo sindidula.

Thumba ndinalitsitsa. Ndinaima nthawi ndithu kuseri kwa chitseko, dzanja lili m'mwamba ngati wolumbira kukhoti. Mkati munali kampango kawo ndi chipeso chothyoka mano, ndi fungo la sopo wawo uja. ATelala anatuluka dala, ati akukaona ngati azimitsa ayironi. Ndikuwathokoza pa zimenezo, ndipo alembe.

Tinaponyamo zonse n'kunyamuka. Panjira aTelala akuti, "Achikulire, tikupita kuchipatala kapena tikusamuka?" Ndinati, "Inu yendani, pakamwapo papume."

Tinapeza anamwino aakulu a magalasi a chingwe, omwe ankatilandira ndi amayi ako. Ndisanapereke n'komwe moni, iwo maso pa thumba. "Thumba ili ndikulidziwa! Linasowera kuti?" Ine ndinangoti khuthu! patebulo. Ndipo kabotolo kamodzi kanagubudukadi kunsi kwa bedi, wogwada anali aTelala.

Anamwino anandandalika zonse ngati asilikali. Anatenga katoni ya aMwezi ndi ya aDzuwa, n'kuziika pamodzi, n'kuloza timalemba tating'ono ta m'munsi. "Bambo, awa achikasuwa munawapeza bwanji?"

Ndinafotokoza. Mu Januwale aMwezi anasowa kuchipatala, anandipatsa kapepala koti ndikagule. Kapepalako ndinapatsa mlongo wako, iye n'kubweretsa achikasuwa, n'kuti, "Limodzi m'mawa uliwonse, musadumphe." Mwezi wotsatira aMwezi anabwerera, ndinawalandira. Achikasu nawo kaphukusi kawo sikanasiye kufika.

"Ndiye munkamwa onse awiri?"

Ndinati, "Mayi, kodi mlendo amathamangitsidwa chifukwa mwini nyumba wabwera ku ulendo?"

Anavula magalasi, n'kuseka, kenako n'kusiya kuseka. "Bambo, aMwezi ndi aDzuwa anuwa ndi munthu mmodzi, wangosintha malaya. Opanga ndi osiyana, mankhwala ndi amodzi. Mwakhala mukumwa muyezo wa anthu awiri." ATelala ali chigwadire anati, "Za malaya mukanandifunsa ine."

Anandiyeza magazi nditakhala, n'kundiyezanso nditaimirira. Anaitana adokotala. Akuti magazi ankatsika mopitirira, makamaka ndikadzuka msanga, n'chifukwa chake msewu unkatembenuka. Adokotala alamula kuti ndizimwa aMwezi okha, aDzuwa atsale komweko, ndipo ndibwerere pakapita masabata awiri akandiyezenso. Usanayambe kunyada, nawenso uli ndi gawo lako. Botolo lako la mawondo alikana, akuti kumwa tsiku ndi tsiku silimvana ndi impso za munthu wa shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Andipatsa ena oyenera, ndi mafuta opaka.

Kenako anamwino anatenga pepala n'kulemba mndandanda wako uja: dzina lenileni la mankhwala, mphamvu yake, nthawi, ndi matenda ake. Ndinati, "Mayi, zimenezo n'zanu, ine sindiziwerenga." Anati, "Ndiye tiikepo ndi zanu." Anajambula mzere wina kumapeto, n'kumandifunsa. "Awa mumawatcha ndani?" Ndinati aBwato. Analemba, n'kujambula kabwato pambali. Pa aMwezi kamwezi, pa aKanjere kadontho. A mawondo atsopanowa tawatcha aNdodo.

Akuti pepalali lizipita kulikonse kumene ndikupita. Wina akasintha mankhwala, alembe pomwepo tsiku lomwelo, akale akhwatche. Piritsi likabwera ndi malaya achilendo, ndisalipatse dzina ndisanafunse. Ndipo thumba lizibwerabe. Mapepala ndi atatu: lina m'thumba la malaya, lina tamata pakona pa galasi, lina kwa aTelala. Akujambulira kuti nawe ukhale nalo.

Mlongo wako tamuuza pa foni asiye kutumiza kaphukusi. Wangoti, "Galimoto ndalankhula nayo kale, tidzakambirana ndikafika."

Bambo wako.

3 Juni

Kamphepo,

Moni kwa nonse. Kalata ino ndikukulembera ndili pa mpando wanga, pafupi ndi zenera langa. Ndayambira kumapeto kuti mtima wako ukhale pansi, koma poyambira ndipitako ndithu.

Kuchipatala ndinabwererako, thumba paphewa, pepala m'malaya. Akuti magazi akhazikika. Chizungulire chinachepa pang'onopang'ono, ndipo tsopano msewu ukukhala pamalo pake.

Loweruka galimoto inafika, yaikulu ngati ikudzasamutsa sukulu. Mlongo wako anatsika ndi zingwe m'manja. Sindinakangane naye. Ndinamasula chingwe cha nsapato yanga pamaso pake, ndinawerama, ndinamanga, ndinaweramuka, mosathamanga monga anandiuzira anamwino. Ndinaima nji! Kenako ndinamupatsa pepala.

Anawerenga nthawi yaitali. ATelala anamuonetsanso pa foni chithunzi cha timakatoni tiwiri tija tili pamodzi. Nkhope yake inagwa. Anati, "Bambo, ndiye kuti ndine amene ndinkakugwetsani?"

Ndinati, "Iai. Iwe unkandisamala, chipatala chinkandisamala, mlongo wako ankandisamala. Aliyense ankaponya chake m'chitsime chimodzi, popanda wosuzumiramo. Wosuzumira uja ndiye tinamuika m'manda."

Anayang'ana thumba pa msomali. Ndinaona kuti mwana wanga watsala pang'ono kulira pamaso pa woyendetsa galimoto, ndiye ndinati, "Tsitsi limenelo wameta ndani, wakhungu? Khala apa." Anakhala. Ndinamufunsa ngati akufuna thabwa lake. Anaseka, misozi ili m'masaya. Ndinamumeta ndi sizasi, ndipo ndinamaliza ndi lumo m'khosi. Sanagwedezeke ngakhale pang'ono, dzanja langanso silinagwedezeke.

Tagwirizana kuti ndikhala. Ndikadzagwanso tidzakambirananso, ndipo sindidzabisa. Iye sagulanso kanthu asanaone pepala. Galimoto inabwerera yopanda katundu, kupatula woyendetsa wake, amene nayenso ndinamumeta.

Chimodzi chokha ndikuuze. Anamwino aja anadinda chidindo cha chipatala pa pepalali. Amayi ako moyo wawo wonse sanalembepo ngakhale dzina lawo, ankangodinda chala. Koma lero aMwezi, aBwato ndi aKanjere, mayina otuluka pakamwa pawo m'khitchini muno, ali pa pepala la kuchipatala, pambali pa mayina a madokotala, chidindo pamwamba. Ndinakawauza kuseri kwa chitseko. Thumba linagwedezeka, koma mwina ndi mphepo.

Mwana uja usamumetenso wekha. Mudzabwere naye, thabwa lilipo.

Bambo wako.

Mawu a wolemba: Ulendo uno sanabise kanthu. Koma pepala lija kasitomala aliyense akumuonetsa, akuloza ndi chala kuti, "Apa alemba mawu a akazi anga." Kawirikawiri amakhala ataligwira mozondoka. Palibe amene wawauza, ndipo nawe usawauze.